Moto wa lupsa ukamayandikira mudzi: nyumba, utsi ndi nthawi yochoka

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mu Novembala, udzu wa m'tchire umakhala utauma gwaa, ndipo okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Chikangawa kapena m'munsi mwa mapiri a Zomba, Dedza ndi Mulanje amadziwa kuti moto ukhoza kubuka tsiku lililonse. Nthawi zambiri amauyambitsa ndi anthu: osaka mbewa, ofula uchi, otentha makala, kapena mlimi amene amatentha mapesi m'munda mphepo n'kumulanda motowo. Malangizowa ndi a banja limene likuona utsi ukukwera kuseri kwa phiri koma silikudziwa ngati motowo ufika pakhomo kapena ukhotera kwina. Chimene chimapha anthu pa moto wotere kawirikawiri ndi kuchedwa kuchoka. Choncho zonse zili m'munsimu zichitike mutagwirizana kale kuti mudzachoka mukaona chiyani.

Yambani ndi kuuwerenga motowo

Zinthu zitatu ndi zimene zimauza moto kopita: mphepo, kutsetsereka kwa malo, ndi zoyaka zimene zili patsogolo pake.

Yang'anani utsi. Ukamakwera chowongoka, mphepo ndi yochepa ndipo moto ukuyenda pang'onopang'ono. Ukapendekera kumene inu muli, muli panjira yake. Utsi woyera umatanthauza udzu kapena zinyalala zopepuka, pamene wakuda bii umasonyeza kuti moto walowa m'mitengo ndipo wakula mphamvu. Mangani kansalu pamtengo wautali pabwalo kuti aliyense aziona kumene mphepo ikulowera, chifukwa imasintha. M'malo a mapiri, masana mphepo imakonda kukwera phiri, usiku n'kumatsika. Moto umene masana unkakwera kukutalikirani ukhoza kutembenuka dzuwa litalowa.

Moto umathamanga pokwera kusiyana ndi potsika, chifukwa malawi amawamba udzu wa kumtunda usanayake. Ozimitsa moto amawerengera kuti liwiro lake limawirikiza kawiri pa madigiri 10 alionse a chitunda. Nyumba imene ili pamwamba pa chitunda, moto uli m'munsi, ili pangozi yaikulu kuposa imene ili m'chigwa moto uli pamwamba. Nthawi yoopsa kwambiri ndi kuyambira cha m'ma 11 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, pamene kwatentha ndipo udzu ulibe chinyontho ngakhale pang'ono.

Moto umapita kumene kwatsala tchire, koma si tchire lonse limayaka mofanana. Udzu wautali umayaka mofulumira kwambiri, moti kukakhala mphepo munthu sangaupose pothamanga, koma umadutsa msanga. Paini, monga wa ku Chikangawa komwe kunabzalidwa nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000, ali ndi utomoni ndipo pansi pake pamakhala masamba ouma ochindikala. Moto wake umatentha kwambiri ndipo umakhalitsa. Bulugama ndiye woipitsitsa pa nkhani ya mbaliwali: makungwa ake oyaka amauluzika ndi mphepo n'kukagwa mamita mazana angapo patsogolo, nthawi zina kupitirira kilomita. Mu Epulo 2021 moto wa pa Table Mountain ku Cape Town unatentha laibulale ya Jagger pa yunivesite ya mumzindawo, nyumba yolimba ndithu. Nyumba zambiri sizipsa ndi malawi a tchire lenilenilo. Zimapsa ndi kachinthu koyaka kamene kagwera pa denga kapena pa zinyalala zili pakhoma.

Lambulani moto ukadali kutali

Ntchito iyi imayenera kuchitika mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse. Koma ngakhale moto uli kale kuseri kwa phiri, maola ochepa a anthu asanu okhala ndi makasu ndi zikwakwa amasintha zinthu.

Yambirani pakhoma la nyumba kupita kunja, osati kuyambira kutchire. Pa mita imodzi ndi theka kuzungulira nyumba pasakhale choyaka chilichonse. Chotsani nkhuni zimene zaunjikidwa pakhonde, matumba a makala, mphasa, matayala, ndi mitolo ya udzu wofolera imene ambiri amaitsamiritsa pakhoma m'chilimwe podikira kufolera. Mitolo imeneyi ipite pabwalo loyera, mamita 10 kapena kuposa kuchokera pa nyumba iliyonse. Zigubu za petulo, parafini ndi silinda ya gasi zipitenso pa malo opanda udzu, pamthunzi, kutali ndi khomo limene mudzatulukire.

Kenaka palani pansi kuti dothi lioneke, mpaka mamita 10 kuzungulira nyumba, nkhokwe, khola ndi chigafa. Kutchetcha kokha sikukwanira. Udzu wotchetcha ukasiyidwa pomwepo umayakabe, ndiye ukokereni kutali, mbali imene moto ukuchokera isakhale mulu. Kuchokera pa mamita 10 kufika 30, tchetchani udzu ukhale wosapitirira akakolo, ndipo sadzani nthambi za m'munsi za mitengo mpaka mamita awiri kuti moto wa pansi usakwere. Mzere wolambula wotchinga moto kumalire a munda kapena a mudzi ukhale wotambalala kuwirikiza katatu kutalika kwa udzu wa pamalopo. Ngati udzu ndi wa mamita awiri, kanjira ka mita imodzi moto umangokalumpha.

Chimene ambiri amaiwala ndi mpanda wa udzu. Mpanda umene wayambira kumunda, n'kudutsa pa bafa ndi chimbudzi mpaka kukagunda khoma la nyumba uli ngati chingwe cha koloboyi: umautenga moto n'kuufikitsa pa denga. Gwetsani chigawo cha mamita atatu kapena anayi pamene mpandawo wayandikira nyumba. Mudzamanganso.

Pa nyumba ya malata, sesani masamba amene adzaza m'ngalande za madzi a mvula ndi pamene malata akumana, ndipo tsekani mipata ya pakati pa khoma ndi denga ndi dothi lonyowa kapena njerwa, chifukwa mbaliwali zimalowera pamenepo n'kuyatsa mapaso. Pa nyumba ya udzu, tsamiritsani makwerero pa denga nthawi idakalipo.

Tungani madzi mudzaze chilichonse: mgolo wa malita 200, ndowa za malita 20 pangodya iliyonse ya nyumba, mabeseni. Musadalire mpopi kapena pampu ya magetsi, poti mapolo a ESCOM akapsa magetsi amazima. Viikani matumba a ziguduli kapena mabulangete akale m'madzi. Matumba a pulasitiki a feteleza sathandiza, amasungunuka. Kuthira madzi pa denga la udzu m'mawa moto ukubwera madzulo n'kutaya madzi, dzuwa la Okutobala limaumitsa msanga. Thirani pamene phulusa lotentha layamba kugwa.

Ng'ombe ndi mbuzi zipite msanga pa malo amene zinadya kale udzu mpaka pansi, m'munda wolimidwa, kapena kudambo kumene kuli chinyontho. Mbuzi yomangidwa pa chingwe kutchire ilibe pothawira. Khola lisakhale lotseka ndi loko.

Gwirizanani za kuchoka mitu idakali yozizira

Khalani pansi banja lonse, ndipo ngati n'kotheka ndi oyandikana nawo ndi a mfumu, mugwirizane zinthu zinayi.

Choyamba, kothawira. Malo abwino ndi aakulu, opanda udzu, otalikirana ndi mitengo: bwalo la mpira la pasukulu, msika, munda waukulu wolimidwa. Sankhani njira ziwiri zopitira kumeneko zolowera mbali zosiyana, ndipo pasakhale njira yokwera chitunda moto uli kumbuyo kapena yodutsa m'kati mwa paini.

Chachiwiri, oyamba kuchoka. Agogo, amayi oyembekezera, ana aang'ono, olumala ndi odwala mphumu kapena mtima achoke tsiku lomwelo limene utsi wayamba kufika, akagone kwa achibale. Munthu woyenda ndi ndodo sangayambe ulendo malawi akuoneka.

Chachitatu, chizindikiro. Tchulani malo enieni: moto ukawoloka mtsinje wakuti, kapena ukaonekera pamwamba pa chitunda chakuti, tonse tikunyamuka, popanda kukambirananso. Onjezani izi: phulusa lotentha kapena masamba oyaka akayamba kugwa pabwalo kuposa mmene mungazimitsire, mphepo ikatembenukira kwa inu ndi mphamvu, kapena njira imodzi mwa ziwiri zija ikatsekeka. Malo a chizindikirowo akhale otalikira mokwanira kuti woyenda pang'onopang'ono kwambiri pakati panu akafike kothawira moto usanafike, ndipo nthawi imeneyo muiwirikize kawiri. Chifukwa chogwirizana pasadakhale n'chakuti pa nthawi ya motoyo aliyense amati tidikire pang'ono tione. Ku Knysna, ku South Africa, kumene kumakhalanso Amalawi ambiri, moto wa mu Juni 2017 unakankhidwa ndi chimphepo kudutsa m'minda ya paini, unatentha nyumba mazana ambiri ndi kupha anthu 7. Mphepo yamphamvu ikafika, nthawi yoganiza imatha.

Chachinayi, chikwama. Chikhale chimodzi, pafupi ndi chitseko, chopepuka. Muikemo ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, masatifiketi a sukulu, makalata a malo, ndalama, foni ndi chaja, tochi, botolo la madzi, ndi mankhwala amene munthu sayenera kudumphitsa: ma ARV, a TB, a shuga, a BP, a khunyu, ndi kopopera ka mphumu. Jambulani mapepala onsewo pa foni mutumizire m'bale amene ali kutali. Katundu wolemera ngati matumba a chimanga, ngati nthawi ilipo, muunjikeni pakati pa bwalo loyera kapena m'nyumba ya njerwa ndi malata.

Utsi

Utsi umafika kwa anthu ambiri kuposa malawi, ndipo ukhoza kukhala masiku angapo ngakhale moto utakhotera kwina. Choopsa mu utsi si phulusa limene mukuliona likugwa. Ndi tizinthu tating'onoting'ono, tosapitirira mamaikiromita 2.5 (maikiromita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), timene timadutsa mphuno n'kukafika pansi pa mapapo, tina mpaka m'magazi. Ana amavutika msanga chifukwa amapuma mpweya wochuluka poyerekeza ndi kukula kwa thupi lawo. Enanso ndi okalamba, oyembekezera, a mphumu, a matenda a mtima, ndi amene anadwalapo TB ngakhale anachira.

Kuti mudziwe kuchuluka kwa utsi popanda makina, sankhani zinthu zimene mukudziwa mtunda wake, monga phiri, nsanja ya foni kapena tchalitchi, ndipo muziyang'ane masana dzuwa lili kumbuyo kwanu. Ngati cha pa makilomita 8 sichikuoneka, anthu tatchulawa achepetse ntchito za panja. Cha pa makilomita 5 chikabisika, akhale m'nyumba. Ngati simukuona ngakhale cha pa kilomita imodzi ndi theka, aliyense asiye kulima, kuthamanga kapena kupalasa njinga ya katundu, chifukwa wogwira ntchito yolemetsa amakoka utsi wochuluka kudzera pakamwa. M'zigwa utsi umatsika usiku n'kukhazikika mpaka m'mawa, kenaka umapepuka dzuwa likakwera. Tsegulani mawindo pa nthawi imene wapepukayo kuti nyumba ipume, mutsekenso madzulo.

Sankhani chipinda chimodzi chokhala ndi mawindo ochepa, makamaka cha siling'i. Tsekani mipata ya pansi pa chitseko ndi m'mawindo ndi nsalu zonyowa. M'chipindamo musayatse kandulo, koloboyi, koyilo ya udzudzu kapena fodya, ndipo musasese pouma; kolopani. Fani imangozungulitsa mpweya, siichotsa utsi. Koma samalani ndi kutentha: nyumba ya malata yotsekedwa ponseponse masana a Okutobala ikhoza kukomola mwana kapena nkhalamba. Imwani madzi pafupipafupi, pukutani thupi ndi nsalu yonyowa, ndipo kutentha kukafika posapiririka, kuli bwino kusamukira kwa achibale kumene kulibe utsi kusiyana ndi kupirira.

Mbaula isalowe m'nyumba yotseka, zivute zitani. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Anthu angapo m'nyumba imodzi akayamba kumva mutu, chizungulire ndi mseru nthawi imodzi, atulutseni panja msanga ndipo apite kuchipatala.

Pa zophimba kukamwa, tinene mosabisa: chitenje, mpango wonyowa, ndi masiki ansalu aja a nthawi ya Covid-19 amatchinga phulusa lalikulu lokha. Tizinthu tija timadutsa. Imene imathandiza ndi masiki ya N95 kapena FFP2, yofanana ndi imene amavala ogwira ntchito ku wodi ya TB, ndipo imapezeka m'mafamase ena ndi m'mashopu a zipangizo zomangira. Lamba mmodzi adutse pamwamba pa makutu, wina m'munsi mwake, kachitsulo ka pamphuno mukafinye. Mukapuma n'kumva mpweya ukutulukira m'mbali, sinagwire. Ndevu zimalepheretsa kugwira, ndipo pa nkhope ya mwana wamng'ono siikwana. Ikada kapena ikayamba kuvuta kupumiramo, sinthani. Dziwaninso kuti siitchinga carbon monoxide, ndiye si chilolezo cholowera mu utsi wa pafupi ndi malawi.

Wa mphumu akhale ndi kopopera ka salbutamol m'thumba, osati m'sutikesi, ndipo agwiritse ntchito monga anamulangizira kuchipatala. Kwa mwana, mankhwalawa amalowa bwino akadzera m'botolo la pulasitiki la 500 ml loboola kumunsi kwake molingana ndi kamwa la kopoperako: mumapopera kamodzi m'botolo, mwana n'kupuma kangapo kukamwa kwa botolo. Thamangirani kuchipatala ngati munthu akulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, nthiti za mwana zikulowa m'kati popuma, milomo yasintha mtundu, pachifuwa pakupweteka, kapena mankhwala opopera sakusintha kanthu. Maso akamayabwa, tsukani ndi madzi oyera, osatikita.

Masiku odikira

Kudikira kumatopetsa kuposa kulambula. Anthu amagona mwa apo ndi apo, amakwiya msanga, ndipo tsiku lachitatu amayamba kunyozera. Gawanani ulonda wa usiku, maola awiri kapena atatu munthu aliyense, kuti ena agone tulo leni leni. Mlonda akhale ndi tochi ndi wezulo kapena chitsulo choimba, ndipo mudzi wonse udziwe kulira kumene kukutanthauza kuti nyamukani. Usiku moto umaoneka pafupi kuposa mmene ulili, choncho muziuyeza ndi malo munagwirizana aja, osati ndi kuwala kwake.

Mauthenga a pa WhatsApp afunseni mafunso awiri: chithunzichi chajambulidwa kuti, ndipo nthawi yanji? Zithunzi za chaka china kapena dziko lina zimazungulira nthawi zotere. Sankhani munthu mmodzi wodalirika kumbali imene moto uli, muziimbirana pa nthawi zoikika, monga m'mawa, masana ndi madzulo, m'malo mokhalira pa foni mpaka batire kutha. Sungani nambala za ofesi ya zankhalango ya m'dera lanu, polisi yapafupi ndi komiti yoona za ngozi ya m'mudzi. Magalimoto ozimitsa moto ali ndi makhonsolo a mizinda monga Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndiye amene ali kutali ndi mizindayi asawerengere kuti afika msanga. Amene ali ndi intaneti akhoza kuona mapu a FIRMS a bungwe la NASA, amene amaonetsa malo otentha ojambulidwa ndi setilaiti, koma chithunzicho chimachedwa ndi maola angapo. Chimakuuzani kumene moto unali, osati kumene uli.

Ana auzeni zoona mwachidule: moto uli uko, ukafika pakuti tipita kusukulu, iwe udzagwira dzanja la uje. Apatseni kantchito, monga kudzaza mabotolo a madzi. Asapite okha kukaonerera moto kapena kukagwira mbewa ndi ziwala zothawa.

Kuzimitsa, ndi pamene muyenera kuleka

Moto wa udzu waufupi anthu okonzeka akhoza kuuzimitsa ndi nthambi zaziwisi, ziguduli zonyowa, makasu ndi mafosholo a dothi. Malire ake ndi awa: malawi akapitirira pachifuwa cha munthu wamkulu, zida za m'manja sizingathenso, bwererani. Musaime kutsogolo kwa moto kapena kumtunda kwake. Yambirani kumbuyo ndi m'mbali, mutaima pamene papsa kale, n'kumaupanikiza. Menyani chokhwekhwereza kulowetsa moto kumene kwapsa. Kumenya chotukula kumamwaza mbaliwali. Munthu mmodzi asagwire ntchito, azingoyang'ana mphepo ndi njira yothawira.

Valani thalauza ndi malaya a manja aatali a thonje, chipewa, ndi nsapato zachikopa. Nayiloni ndi majezi a mpira zimasungunukira pakhungu, patapata nayenso chimodzimodzi.

Kuyatsa moto wina kuti ukakumane ndi ukubwerawo ndi njira imene a zankhalango amagwiritsa ntchito, koma amatero ali ndi mzere wolambula kale, anthu okwanira ndi mphepo yodziwika. Munthu payekha akayesa, kawirikawiri amangoyambitsa moto wachiwiri umene umatsekera anzake njira. Komanso lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo.

Mukatsekerezedwa

Chimene chimapha msanga ndi kutentha kochokera ku malawi, ngakhale asanakukhudzeni, choncho funani chinthu cholimba choti chikhale pakati pa inu ndi moto. Nyumba ya njerwa ndi malata yolambulidwa bwino imateteza kuposa kuthamanga m'tchire. Tsekani zitseko osakhoma, khalani mbali yotalikira moto pafupi ndi khomo lotulukira, muziyang'ana kudenga ngati mwagwa moto. Motowo ukadutsa kapena nyumba ikayamba kuyaka, tulukirani mbali imene yapsa kale. M'nyumba ya udzu musabisalemo.

Mukakhala panja, pitani pa malo oyera, m'ngalande yopanda udzu, kuseri kwa mwala waukulu kapena chulu, mugone chafufumimba mutadziphimba ndi bulangete, nkhope pafupi ndi dothi pamene mpweya uli wozizirirapo.

Pa galimoto, monga pa msewu wa M1 podutsa ku Chikangawa, musalowe mu utsi umene simukuona kutsogolo kwake; mukhoza kugunda lole ya matabwa imene yaima. Bwererani. Zikakanika, imani pambali pamene palibe udzu, yatsani magetsi onse, tsekani mawindo ndi polowera mpweya, mugone pansi pa mawindo mutafunda mpaka moto udutse.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, muvule mphete ndi zibangili kusanatupe, koma nsalu imene yamatirira isamatulidwe. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi, ndipo matuza asaboolodwe. Phimbani ndi pulasitiki yoyera kapena nsalu yochapa. Bala loposa chikhatho cha wopsayo, la kunkhope, m'manja, kumaliseche, kapena la mwana lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Mawu akasasa kapena tsitsi la m'mphuno likawauka, ndiye kuti njira ya mpweya yapsa ndipo ikhoza kutupa m'maola ochepa. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mawodi a anthu opsa.

Moto ukadutsa

Nyumba zina zimayaka patapita maola moto utadutsa. Zungulirani nyumba, nkhokwe ndi khola mobwerezabwereza usiku wonse woyamba, mukupisa dzanja mu udzu wa denga ndi kuyang'ana pa mapaso. Zitsa za paini, mizu ndi milu ya utuchi pamene ankachekera matabwa zimanyeka pansi kwa masiku ambiri. Fukulani ndi khasu, thirani madzi, sakanizani ndi dothi mpaka pazizire poti n'kugwira ndi dzanja. Ana asayende pa phulusa, pansi pake pamakhala maenje a makala. Mitengo yopsa m'tsinde imagwa popanda chenjezo, ndipo waya wa magetsi amene wagwa muziutenga ngati uli ndi moto mpaka a ESCOM afike.

Phulusa liwazeni madzi musanasese. Chitsime chosavindikira chimene mwagwera phulusa chikapidwe kaye, ndipo madzi a mvula yoyamba ochokera pa denga atayidwe. Amene ali m'munsi mwa phiri limene lapsa akonzeretu ngalande zopatutsa madzi mvula isanayambe, chifukwa dothi lopanda udzu siligwira madzi, ndipo mvula yoyamba imatsika ndi matope, miyala ndi zipika.